Botolo la a Sunda ndi a Guillard

Mu 1969, Richard Barber ndi John Ryther anasindikiza nkhani ya madzi amene anawaimitsa mutu. Anawatunga kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, pa dera limene madzi akuya amatumphukira pamwamba. Madzi otere amabwera ndi chonde chochuluka: nayitireti, fosifeti ndi michere ina imene ndere zimafuna. Dzuwa lilipo, chakudya chilipo, ndiye aliyense akanayembekezera kuti tindere toyandama, tija sitioneka ndi maso, tiswana nthawi yomweyo. Koma m'mabotolo a akatswiriwa ndere zinkazengereza. Atathiramo pang'ono mankhwala otchedwa EDTA, zinayamba kuchulukana. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti EDTA si chakudya cha ndere. Ntchito yake ndi kugwira zitsulo zosungunuka m'madzi n'kuzikolera zolimba, basi.

Mkangano unabuka. Ena ankati EDTA akusunga ayironi kuti asadikhe pansi, motero ndere zikupeza chakudya chimene zinkachisowa. Chaka chotsatira, Einer Steemann Nielsen ndi Søren Wium-Andersen a ku Denmark anati ayi, madzi akuyawo amabwera ndi kopa amene amavulaza ndere, ndipo EDTA akungobisa poizoniyo. Botolo ndi lomwelo, zotsatira ndi zomwezo, koma wina akuti mankhwala atsegula nkhokwe, wina akuti atsekera mdani. Kuthira EDTA kokha sikukanathetsa mlanduwo, chifukwa amagwira zitsulo zonse pamodzi, za phindu ndi zoipa zomwe.

Tisanapitirire, tinene chifukwa chake ndere zimalimbana ndi zitsulo. Kaselo kamodzi ka ndere kamafuna ayironi kuti kapange chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa. Kamafuna manganizi kuti kaphwanye madzi n'kutulutsa mpweya wa okosijeni, zinki kuti kagwire kaboni, komanso kopa pang'ono wothandiza pa kupuma. Koma kopa yemweyo akapitirira mlingo amapha. Anthu anazidziwa kale zimenezi: kuyambira 1904 ku United States ankathira kopa salifeti m'madamu a madzi akumwa pofuna kupha ndere. Ogwira ntchito imeneyi anaonanso kuti mlingo umene wayeretsa damu lina umalephera pa damu lina, makamaka kumene madzi ali ndi laimu wambiri. Ankadziwa kuti zimachitika, koma muyeso wolongosola nkhaniyo panalibe.

Ganizo limene William Sunda anadza nalo, ali wophunzira ku Woods Hole m'chigawo cha Massachusetts, n'losavuta kulimva. Kopa akasungunuka m'madzi sakhala mwa mtundu umodzi. Wina amakoledwa ndi kaboneti, wina ndi zotsalira za zomera ndi tizilombo zimene zasungunuka, wina amamatirira ku tinthu toyandama, ndipo wochepa chabe ndiye amayenda womasuka. Mlimi aliyense amadziwa kuti m'dzinja chimanga sichiwonongeka ndi chiwerengero cha mbuzi za m'mudzi, chimawonongeka ndi mbuzi zimene zadula chingwe. Mudzi wa mbuzi 200 zomangirira bwino ungakolole bwino kuposa mudzi wa mbuzi zisanu zotayirira. A Sunda ankaganiza kuti ndere zimamva kopa womasuka yekha, ndipo kuwerenga kopa yense wa m'botolo n'kuwerenga mbuzi za pa chingwe.

Kuganiza n'kwina, kutsimikizira n'kwina. Vuto lake lili apa: ukathira kopa m'botolo, kopa yense amakwera, womasukanso amakwera limodzi naye. Ndere zikafa, wapalamula ndi uti? Kafukufuku wambiri wa nthawi imeneyo ankagwera pa dzenje lomweli. Luso la ntchito imene William Sunda ndi Robert Guillard anasindikiza mu 1976 m'magazini ya Journal of Marine Research lagona pa kulekanitsa zinthu ziwiri zimene mwachibadwa zimayendera limodzi.

Choyamba anasankha ndere yodalirika. Apa ndi pamene dzanja la a Guillard limaonekera. Iwo anali mlimi wa ndere weniweni, munthu woti amatola kaselo kamodzi ndi kachubu kowonda pansi pa maikulosikopu, n'kukatsuka, n'kukalera mpaka katadzaza botolo. Mu 1958 anatola kadayatomu kotchedwa Thalassiosira pseudonana m'madzi a Moriches Bay ku Long Island, ndipo mbewu imeneyo, yodziwika ndi dzina loti 3H, yakhala ikusungidwa ndi kuswetsedwa mpaka lero. Ndi yomwe mu 2004 inakhala dayatomu woyamba kuwerengedwa chibadwa chake chonse. Iwo omwewo, pamodzi ndi a Ryther, analemba mu 1962 kasakanizidwe ka chakudya cha ndere kamene kanabala f/2, kamene malo oswetsera nkhono ndi nsomba m'maiko ambiri amagwiritsabe ntchito. Maselo onse a m'mabotolo a kafukufukuyu anali a kholo limodzi. Ngati botolo lina lafooka, palibe akanati mwina ndi mtundu wa mbewu.

Kenaka anatenga mankhwala wamba a mu labotale otchedwa tris, amene amakola kopa ndi mphamvu yodziwika bwino. Tsopano anali ndi zinthu zitatu zoti azisintha paokhapaokha: kuchuluka kwa kopa wothiridwa, kuchuluka kwa tris, ndi pH, muyeso uja wotiuza ngati madzi akupendekera ku asidi kapena ayi. Taonani mmene zitatuzi zimamasulira manja a wofufuza. Kopa wothiridwa akhale yemweyo, iwe uonjezere tris: kopa womasuka atsika. Kopa ndi tris zikhale momwemo, iwe utsitse pH: asidi alanda malo ena pa tris, ndipo kopa womasuka akwera. Uonjezere kopa ndi tris pamodzi mosamala: kopa yense achuluka kwambiri koma womasuka sasuntha. Motero ungakonze mabotolo awiri a kopa wofanana koma womasuka wosiyana, ndi ena awiri a kopa wosiyana koma womasuka wofanana. Ndere zimakakamizika kuulula chimene zikutsatira.

Ndipo zinaulula. Kakulidwe ka ndere sikanagwirizane ndi kuchuluka kwa kopa yense. Koma manambala omwewo atawaika motsatira kopa womasuka, anafola pa mzere umodzi, posatengera njira imene botolo lililonse linafikira pa mlingowo. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti sanakhutire ndi umboni umodzi. Anayeza kuchepa kwa liwiro la kuswana, n'kuyezanso kopa amene wapezeka m'maselo, ndipo zonse ziwiri zinaloza komweko. Atatero anabwereza ndi ndere ya banja lina, yobiriwira, yotchedwa Nannochloris atomus, kuti pasakhale wonena kuti ndi khalidwe la dayatomu yekha. Ananenanso poyera kuti mzere wa kafookedwe ka ndere sunali wosalala monga masamu ophweka akanafunira. Wofufuza wofuna kutchuka akanabisa zimenezo.

Manambala ake ndi oyenera kuwayang'anitsitsa. Dayatomu uja anayamba kufooka kopa womasuka atafika pa mlingo wofanana ndi galamu 1 m'malita pafupifupi 500 miliyoni, ndipo analekeratu kuswana pa mlingo wa galamu 1 m'malita pafupifupi 3 miliyoni. Bungwe la World Health Organization limalola mamiligalamu 2 a kopa pa lita imodzi ya madzi akumwa. Mlingo umenewu ndi wokwera pafupifupi maulendo 1 miliyoni kuposa pamene kadayatomu kanayamba kumva kuwawa. N'zoona kuti wina ndi muyeso wa kopa yense pomwe wina ndi wa womasuka, koma kutalikirana kwake kukusonyeza kuti madzi abwino kwa munthu si abwino kwa chamoyo chilichonse.

Wina angafunse kuti, bwanji osangothira kakopa kochepa choncho m'madzi oyera, osavutika ndi tris? Yankho lake ndi limene limasonyeza kuti anthuwa ankalidziwa botolo lawo. Kakopa kochepa motero sikakhalitsa. Kena kamamatirira ku makoma a botolo, kena kamamwedwa ndi ndere tsiku loyamba, ndipo kafumbi kamodzi kogwera mkati kangabweretse kopa woposa amene wathiridwa. Pofika mawa sudziwanso chimene ukuyesa. Koma pakakhala chokolera chambiri ndi kopa wambiri womangidwa, botolo limakhala ndi nkhokwe. Ndere zikamwa kopa womasuka, wina amamasuka n'kulowa m'malo mwake. Fumbi likabweretsa wina, chokolera chimamugwira. Mlingo umaima pamodzimodzi kwa masiku. Kukola zitsulo komwe kuja kunasokoneza anthu mu 1969 anakusandutsa chiwongolero.

Patangopita zaka ziwiri kuchokera mu 1976, Donald Anderson ndi François Morel a ku Massachusetts Institute of Technology anayesa ganizoli pa Gonyaulax tamarensis, ndere yosambira imene imafiiritsa madzi a m'mbali mwa nyanja n'kuika poizoni m'nkhono. Anagwiritsa ntchito zokolera ziwiri zosiyana, tris ndi EDTA, ndipo yankho linali limodzi: chimene chimaumitsa ndereyo kuti ileke kusambira ndi kopa womasuka. Koma anatulukiranso msampha. Akathira kopa mwachindunji m'botolo la EDTA, ndere zinkavulala kwambiri kuposa mmene masamu ananenera. Chifukwa chake n'chakuti m'madzi a m'nyanja EDTA amakhala atagwira kale kashiamu ndi maginiziyamu, ndipo zimatenga nthawi kuti awataye n'kugwira kopa. Pa maola amenewo kopa amakhala akuyendayenda womasuka. Masamu amanena za mapeto a zinthu, pomwe ndere zimakhala m'botolomo kuyambira mphindi yoyamba. Mankhwala ake ndi ophweka: sakaniza kopa ndi EDTA padera, kapena lisiye botolo likhazikike usanaikemo ndere. Ndi malangizo aang'ono, koma wosawadziwa amasindikiza bodza ali ndi mtima woyera.

Kuchokera apa ntchito inasanduka ya manja. Mu 1979 a Morel, John Rueter, a Anderson ndi a Guillard anafalitsa kakonzedwe ka madzi a m'nyanja ochita kupanga, amene anawatcha Aquil. Mfundo yake ndi yoti usayambe ndi madzi amene sukuwadziwa. Umatenga madzi osefedwa mpaka kutheratu zonse, n'kusungunulamo mchere uliwonse pa muyeso wake. Koma ngakhale mchere wogula wolembedwa kuti ndi woyera kwambiri umakhala ndi tizitsulo tobisala, tokwanira kuwononga kafukufuku yense. Choncho madziwo amadutsitsidwa pang'onopang'ono mu timikanda ta Chelex, timene timayamwa zitsulozo. Ukachotsa zonse, ndi pamene umabwezeramo chitsulo chimodzichimodzi pa mlingo wofuna iwe, pamodzi ndi EDTA. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa MINEQL, imene gulu la a Morel linalemba mu 1976, inkawerengera kuti pa chitsulo chilichonse chomasuka ndi chochuluka bwanji.

Zotsalazo ndi mwambo wa ukhondo umene munthu wakunja angauone ngati misala. Mabotolo agalasi amapewedwa, chifukwa galasi limayamwa zitsulo zina n'kutulutsa zina. M'malo mwake amagwiritsa ntchito a pulasitiki yolimba ya polikaboneti, oviikidwa mu asidi, otsukidwa mobwerezabwereza ndi madzi oyera aja. Botolo limatsegulidwa pokhapokha pamene mpweya wosefedwa ukuwomba. Mphika wa nthunzi umene ma labotale onse amaphera tizilombo unapezeka kuti umadetsa madzi ndi zitsulo, ndiye ambiri anasamukira ku mayikulowevu. Nyale nayo ili ndi mawu: kuwala kumaphwanya mgwirizano wa ayironi ndi EDTA, kotero botolo lowalitsidwa kwambiri limakhala ndi ayironi wopezeka wochuluka kuposa la pa mthunzi, ngakhale anathiridwa mofanana. Ndere zisachuluke kwambiri m'botolo, chifukwa zikamamwa kaboni zimakweza pH n'kusintha madzi amene ukuganiza kuti ukuwalamulira. Ndiponso suyeza ndere zongosamutsidwa kumene. Umazilera mibadwo ingapo m'madzi atsopanowo, mpaka zitatha zimene zinasunga kwa makolo awo. M'mapepala a sayansi zonsezi zimalembedwa mu tizilembo tating'ono pa gawo la njira, gawo limene owerenga ambiri amalidumpha pothamangira zotsatira. Kunena zoona, ukatswiri wonse uli pamenepo.

Pali funso linanso limene losavuta kulifunsa koma lovuta kuliyankha: chitsulo chimene wachipeza pa ndere, chalowa mkati kapena changomatirira kunja? Khungu la selo lili ndi malo ambiri okopa zitsulo, ndipo ayironi amakonda kudikha pamwamba pake. Ukangosefa ndere n'kuyeza, uwerenga dothi la pakhungu ngati chakudya cha m'mimba. Pa zitsulo monga kopa, zinki ndi kadimiyamu, amatsuka maselo kwa mphindi zochepa ndi EDTA, amene salowa m'selo koma amachotsa za kunja. Ayironi ndi wouma mutu, sachoka choncho. Mu 1989 Robert Hudson ndi a Morel anakonza chotsukira cha titaniyamu, sitireti ndi EDTA chimene chimasungunula ayironi wa kunja popanda kuboola selo. Kutsuka kukachepa, dothi litsala; kukapyola, selo liphulika n'kutaya za mkati. Pakati pa ziwirizi m'pamene pali muyeso woona.

Njira zimenezi zitakhazikika, zinayamba kuonetsa zimene zimachitika pa khomo la selo. Chitsulo sichingoboola khungu. Chimagwidwa ndi puloteni wonyamula, amene amachilowetsa mkati, ndipo mapuloteniwa sasankha bwino kwenikweni. A Sunda, atasamukira ku labotale ya boma ku Beaufort m'chigawo cha North Carolina, anagwira ntchito zaka zambiri ndi Susan Huntsman, ndipo mu 1983 anasonyeza kuti kopa amavulaza madayatomu ena powatsekereza kupeza manganizi. Ukaonjezera manganizi, ululu wa kopa umachepa. Pambuyo pake anasonyezanso kuti kadimiyamu amatha kulowera pa khomo la manganizi lomwelo. Ndere zosowa manganizi zimatsegula makomo ambiri pofunafuna chakudya, ndipo potero zimalowetsa poizoni wambiri. Ndiye kuti njala ndi poizoni si nkhani ziwiri zosiyana monga ankaganizira otsutsana aja. Kawirikawiri ndi nkhani ya kuti pa zitsulo ziwiri zolimbirana khomo, chachuluka ndi chiti.

Asidi ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa amagwira mbali ziwiri. pH ikatsika, zitsulo zimamasuka ku kaboneti ndi ku matope, motero zomasuka zimachuluka. Koma asidi yemweyo amakakhalanso pa makomo a selo n'kulimbirana malo ndi zitsulozo. Peter Campbell ndi Pamela Stokes a ku Canada, polemba mu 1985 nthawi imene mvula ya asidi inkawononga nyanja za kwawo, anasonkhanitsa umboni woti pa kadimiyamu, kopa ndi zinki, mlingo womwewo wa chitsulo chomasuka kawirikawiri umalowa mochepa m'madzi a asidi kuposa m'madzi apakatikati. Amene amangoti asidi amaonjezera ululu wa zitsulo wanena theka. Kashiamu ndi maginiziyamu, zimene zimalimbitsa madzi a m'zitsime zina mpaka sopo osachita thovu, nazonso zimatchinga makomo ena. Mchere uli ndi gawo lake: m'nyanja yamchere kadimiyamu wambiri amakoledwa ndi kolorayidi, koma pa mathiriro a mtsinje pamene mchere wachepa, amamasuka. Ndipo aseniki, mu mtundu wake wofanana ndi fosifeti, amalowera pa khomo la fosifeti, kotero ndere za m'madzi osowa fosifeti ndizo zimamumwa kwambiri.

Lamulo la chitsulo chomasuka lili ndi malire ake, ndipo n'zokondweretsa kuti amene anawapeza ndi anthu omwewo olikhulupirira, pogwiritsa ntchito zida zomwezo. Mu 1996 Robert Mason, John Reinfelder ndi a Morel anasonyeza kuti mekyule akagwirana ndi kolorayidi amakhala kanthu kosavuta kusungunuka m'mafuta, ndipo amadutsa khungu la selo popanda kudikira khomo. Anaonanso kuti mekyule wa mtundu wa methilo amakhazikika m'madzi a mkati mwa selo, osati pa zikopa zake, ndipo tinyama todya ndere timamuyamwa mosavuta maulendo anayi kuposa mekyule wamba. Umu ndi mmene ulendo wa poizoniyu umayambira, mpaka kukafika mu nsomba ya pa mbale. Mu 2001 Claude Fortin ndi a Campbell anapeza kuti siliva wokoledwa ndi thayosalifeti amalowa mu ndere ya m'madzi opanda mchere, Chlamydomonas reinhardtii, kudzera pa khomo la salifeti. Apa kumangidwa kunathandiza chitsulo kulowa m'malo mochitchinga. Zopatuka zoterezi sizigwetsa ntchito ya 1976. Zinaoneka kokha chifukwa panali mzere woongoka woyerekezera nawo.

Ndere nazo sizingokhala chete n'kumalandira. Mu 1986 Larry Brand, a Sunda ndi a Guillard anayesa mbewu 38 za ndere za m'nyanja, n'kupeza kuti tindere ta mtundu wa mabakiteriya obiriwira ndito sitichedwa kugonja ndi kopa, pomwe madayatomu amapirira kwambiri. Patapita zaka 10, James Moffett ndi a Brand anaonetsa kuti kamodzi mwa tosalimba tija, Synechococcus, kakamva kopa kamatulutsa m'madzi mankhwala ake okola kopa mwamphamvu. Miyeso ya pa nyanja yasonyeza kuti m'madzi a pamwamba, kopa woposa magawo 99 pa 100 amakhala womangidwa ndi zinthu zochokera ku zamoyo. Tinthu tosaoneka ndi maso timakonza madzi amene tikukhalamo, mofanana ndi mmene a Sunda ankachitira ndi tris.

Chipatso chimene ndimachiona chokoma kuposa zonse ndi cha kadimiyamu. Kwa nthawi yaitali chitsulo chimenechi chinkadziwika ngati poizoni basi, chopanda ntchito m'thupi la chamoyo chilichonse. Komabe mu 1976 Edward Boyle ndi anzake anaona kuti m'nyanja kadimiyamu amachepa pamwamba n'kuchuluka pansi, ndendende monga fosifeti, ngati kuti pali chimene chikumudya. Mu 1990 Neil Price ndi a Morel analera dayatomu wotchedwa Thalassiosira weissflogii m'madzi omanidwa zinki, mpaka anafooka. Atathiramo kadimiyamu pang'ono, anatsitsimuka. Kobati nayenso anachita chimodzimodzi. Mu 2000 Todd Lane ndi a Morel anasonyeza kuti dayatomuyo ali ndi enzaimu yogwirira kaboni imene imagwiritsa ntchito kadimiyamu pamene zinki wasowa. Zimenezi sizikanaoneka m'botolo wamba, chifukwa zinki ali paliponse: m'fumbi, m'mphira, pa zala. Kuti uone ndere ikusowa zinki, uyenera kuyamba wadziwa kupanga madzi opanda zinki.

Pa nyanja penipeni, nkhondo ya ukhondo inali yomweyo koma yokulirapo, popeza sitima yofufuzira ndi chitsulo chokhachokha chopakidwa penti. Clair Patterson wa ku California Institute of Technology, polimbana ndi miyeso ya mtovu, anali atachenjeza kale kuti manambala ambiri akale ankayeza dothi la ofufuza, osati la nyanja. Kenneth Bruland ndi ena anayamba kutunga madzi ndi mabotolo okutidwa ndi Teflon omangidwa pa chingwe cha Kevlar m'malo mwa waya, ndipo manambala a zinki ndi zitsulo zina anatsika kwambiri. Ndi ukhondo womwewu John Martin ndi Steve Fitzwater anasonyeza mu 1988 kuti ndere za kumpoto chakum'mawa kwa Pacific zimasowa ayironi. A Martin anamwalira mu 1993, miyezi yochepa anzawo asanathire ayironi m'nyanja pafupi ndi zilumba za Galápagos poyesa ganizo lawo.

Kuyamikira luso sikutanthauza kutseka maso. EDTA si madzi a m'dambo. Zinthu zofiirira zimene zimasungunuka kuchokera ku masamba ovunda zimakola zitsulo m'njira zosiyanasiyana nthawi imodzi, zina zimamatirira pa khungu la selo, ndipo palibe pulogalamu imene imaziwerengera mosaphonya. Dayatomu amene wakhala mu labotale kuyambira 1958 si wofanana ndi ndere zomera pa miyala ya mumtsinje, zokutidwa ndi nembanemba yoterera. Botolo loyera limayankha funso limodzi momveka bwino, pomwe mtsinje umafunsa mafunso ambiri nthawi imodzi. Komabe mfundo yake yapirira mpaka kulowa m'malamulo. Mu 2007 bungwe la boma la United States loona za chilengedwe, Environmental Protection Agency, linasintha njira yake yoikira malire a kopa m'madzi opanda mchere. M'malo modalira kulimba kwa madzi kokha, njira yatsopanoyo imafuna miyeso 10, kuphatikizapo pH, kutentha, kaboni wa zamoyo wosungunuka, kashiamu, maginiziyamu ndi kolorayidi. Mitsinje iwiri yoyandikana ingakhale ndi malire osiyana, ndipo m'pake.

Nkhaniyi si ya kutali monga ikumvekera. Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia linaphulika pafupi ndi Chambishi ku Copperbelt. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi ndi zitsulo anakhuthukira m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa pa mtunda wautali, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Boma linathira laimu mumtsinje, ndipo nzeru yake ndi yomweyi: ukakweza pH, asidi amatha mphamvu ndipo zitsulo zambiri zimakoledwa n'kudikha. Koma kudikha si kuchoka. Zitsulozo zimakhala m'matope a pansi, pamene ndere za pa miyala ndi tinyama todya ndere timakhala, ndipo madzi akadzasinthanso zikhoza kumasuka. Ndere ndizo phata la chakudya cha mumtsinje ndi m'nyanja. Pa Nyanja ya Malawi mbuna zambiri zimakukuta ndere za pa miyala, chambo chimadya zoyandama, ndipo usipa umadya tinyama timene timadya ndere. Chimene chalowa m'kaselo kaja chili ndi njira yofikira kwa munthu.

Choncho inu atolankhani, aphunzitsi a sayansi, ndi inu amene mumakhala m'makomiti a madzi pafupi ndi migodi: akakubweretserani pepala lonena kuti kopa, zinki kapena mtovu wa mumtsinje uli pansi pa malire, musalandire nambala imodziyo yokha. Funsani kuti malirewo ndi a madzi akumwa kapena oteteza zamoyo za m'madzi. Funsani pH ya tsiku limenelo, kulimba kwa madziwo, ndi kuchuluka kwa zovunda zosungunuka. Funsani ngati anasefa madzi asanayeze, ngati anayezanso matope, ngati anatunga m'chilimwe kapena mvula itagwa, komanso kuti botolo lotungira analitsuka ndi chiyani.